Uthenga wa madzi ukafika usiku, amauyeza ndani?

Ntchito yanga ndi yokonza nsanja za mafoni, ndipo zaka zambiri ndazithera kuno kuchigwa cha mtsinje wa Shire, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka. Anthu akandiona ndi chisoti ndi lamba wokwerera amayandikira ndi mafunso, koma lomwe limandivuta si la netiweki yothawathawa ayi. Tsiku lina pa Ngabu bambo wina wachikulire anandiimitsa, foni ili m'manja, nati: "Achimwene, inu ogwira zingwezi, bwanji simutseka mabodza akuyenda pa WhatsApp? MACRA ili mtulo kodi?" Banja lawo linali litagona panja pa sukulu, ana, mbuzi ndi matumba a mapira, chifukwa cha voice note yonena kuti madzi akubwera. Madzi sanabwere. Kutacha zinadziwika kuti mawuwo anajambulidwa chaka china, wina anangowadzutsa.

Ndinawayankha mwachidule tsikulo, ndipo sanakhutire. Ndiyankhe pano mofatsa.

Ife a nsanja sitingathe kutseka uthenga umenewo chifukwa sitiuona n'komwe. Kuyambira mu 2016, uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umakhomedwa usanachoke m'foni ya wotumiza, ndipo kiyi wake amakhala m'foni ya wolandira basi. Taganizani za kondakitala wa minibasi ya ku Nsanje amene mwamupatsira katoni yomata bwino. Iye akudziwa kuti wanyamula katundu, akudziwa kulemera kwake ndi pomwe anakwezera, koma za m'katimo sazidziwa. Airtel ndi TNM zili ngati kondakitala ameneyo: zimaona kuti nambala yakuti yadya bandulo yochuluka chonchi, ili pafupi ndi nsanja yakuti, pa ola lakuti. Kaya munali nyimbo ya kwaya kaya bodza la madzi, sizitha kusiyanitsa. Ngakhale kampani ya Meta, mwini wake wa WhatsApp, imanena kuti siwerenga zomwe zili m'kati.

Nanga MACRA? Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998, ndipo lero limayendera lamulo latsopano la mu 2016. Limapereka ziphaso kwa makampani a mafoni ndi nyumba zoulutsira mawu, limagawa mafunde kuti wailesi ndi mafoni zisamalowererane, limayang'anira mitengo ndi ubwino wa netiweki, limalandiranso madandaulo a ogula. Ndi lomwe linalamula mu 2018 kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika. Pa ntchito zonsezi palibe yokhala pakhomo la gulu lanu la mpingo kapena la alimi a thonje n'kumasefa mawu. Ndipo kunena zoona ine sindingafune kuti ikhalepo. Makina otha kumvera voice note ya madzi angathenso kumvera zomwe mukukambirana ndi mkazi wanu, kapena zomwe mukudandaula za phungu wa dera lanu.

WhatsApp payokha inaikako mabuleki ochepa. Anthu ataphedwa ku India mu 2018 chifukwa cha mphekesera zoti kuli akuba ana, kampaniyi inachepetsa kutumiza uthenga umodzi kuti uzipita kwa anthu kapena magulu asanu okha pakamodzi, ndipo mu 2019 inafalitsa lamuloli dziko lonse lapansi. Mu April 2020, mabodza a Covid-19 atafika pachimake, inawonjezera kuti uthenga womwe wadutsa kale m'manja ambiri uzitumizidwa kumodzi kokha. Uthenga wotere umaoneka ndi timivi tiwiri pamwamba pake. Mukaona timiviti, dziwani kuti amene wakutumizirani sanaone yekha zomwe zikunenedwazo. Koma kuno kwathu chizindikirochi chimafufutika mosavuta. Mnyamata wa pa benchi yotchajira mafoni akausamutsa pa Bluetooth kapena pa memori khadi, ukalowanso pa WhatsApp umaoneka watsopano ngati wajambulidwa lero lomwe.

Apa ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa nkhani ya mphekesera kuchigwa kuno si yofanana ndi ya ku Lilongwe. Ife madzi amene amatipha nthawi zambiri si a mvula yogwa padenga pathu. Imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo n'kuitenga kudzaithira mu Shire pa Chiromo. Imagwa kumtunda kwa Mwanza, mtsinje wa Mwanza n'kutsika nayo. Kumwamba kutha kukhala nyenyezi zokhazokha pamene chigumula chili pa ulendo. Maola apakati pa mvula ya kumapiri ndi madzi a pakhomo ndiwo chuma chathu chonse, ndipo foni ndi yomwe imatipatsa maola amenewo. Anthu a ku Makhanga, omwe mu January 2015 anaona Ruo akusiya njira yake n'kuwasandutsa a pachilumba, sangauzidwe kuti uthenga wa madzi ndi wongoseweretsa. Namondwe Freddy mu March 2023 anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana osapezeka. Choncho munthu akamva voice note usiku n'kunyamula ana, sikuti ndi wopusa. Wachita zomwe madzi anamuphunzitsa.

Vuto la bodza ndi lakuti limadya chikhulupiriro. Banja lomwe lagona panja pachabe kawiri, kachitatu limakoka bulangete n'kupitiriza tulo, mwina tsiku limenelo ndilo loona. Ndiye pali bodza lina lomwe siliyembekeza n'komwe mawa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayenda pakamwa ndi pa mafoni m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka kuno ku Nsanje. Anthu osalakwa anaphedwa, galimoto za achipatala zinagendedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ife okonza nsanja, oyenda usiku ndi matochi ndi zikwama za zipangizo, tinkachita mantha kupita kukadzutsa netiweki yomwe anthu omwewo ankaifuna.

Lamulo lilipo. Limatchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, la mu 2016, ndipo limaletsa kuopseza munthu pa intaneti, kumusautsa mobwerezabwereza, kutumiza mawu omusowetsa mtendere popanda chifukwa chomveka, kuba kudzera pa kompyuta ndi kufalitsa zolaula za ana. Zilango zake ndi chindapusa ndi ndende. Popeza nambala iliyonse ili ndi dzina la mwini wake, apolisi akatenga chilolezo cha khothi amatha kufunsa kampani ya mafoni kuti mwini nambala ndi ndani. Uthengawo sauona kwa ife. Amauona m'foni ya munthu amene anaulandira n'kukadandaula. Kumbukiraninso kuti simukhadi yomwe munalembetsera mlamu wanu ndi chiphaso chanu, mlandu wake uyamba kugogoda pa khomo panu. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act, lomwe limakhudza mabungwe osunga maina, manambala ndi ziphaso zathu, kuphatikizapo olemba kaundula wa olandira thandizo m'misasa.

Koma taonani nthawi yomwe lamulo limafika. Limafika mawa lake, kapena mwezi wotsatira, anthu atagona kale panja. Ndipo ndili ndi nkhawa ina yomwe sindiibisa. Ndime yonena za mawu osowetsa mtendere ndi yotakasuka kwambiri, moti yagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu odzudzula akuluakulu, mpaka bungwe la atolankhani la MISA Malawi ladandaulapo kangapo. Mantha otere akalowa m'mudzi sasankha. Msodzi wa pa Chiromo amene waona Ruo akufufuma pakati pa usiku akayamba kudzifunsa kuti "kodi ndikalakwitsa sandimanga?", ndiye kuti tataya munthu yekhayo amene anali ndi maso pamtsinje. Kulakwitsa moona mtima ndi kupeka bodza mwadala ndi zinthu ziwiri, ndipo apolisi ndi makhothi athu ayenera kuzisiyanitsa poyera kuti aliyense amve.

Pali china chomwe anthu ambiri sachidziwa: pa nthawi yomwe uthenga woona ukufunika kwambiri, netiweki nayo imakhala ikumenyera moyo wake. Nsanja imadya magetsi usana ndi usiku. A ESCOM akazima, imatembenukira ku mabatire, omwe amapirira maola owerengeka. Kenaka jenereta, malinga ngati dizilo alimo. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa nthawi yoposa chaka kuti makinawo abwerere. Onjezani msewu wa M1 ukaduka, galimoto ya dizilo ili tsidya lina, nsanja ili tsidya lino. Nsanja zambiri zimapatsirananso mauthenga ngati anthu opatsirana ndowa pozimitsa moto, moti imodzi ikagwa, zakumbuyo kwake zimakhala chete ngakhale zili ndi magetsi. Yomwe yatsala imadzaza, chifukwa aliyense akuimbira m'bale wake nthawi imodzi.

Pa nthawi ngati imeneyo SMS ndiyo bwenzi lanu. Ndi kauthenga kopepuka, ka zilembo 160, sikafuna bandulo, kamalowa ngakhale m'kafoni ka mabatani, ndipo kakalephera kudutsa kamadikirira kuti mpata upezeke. Vidiyo ya madzi ikhoza kuzungulira pa foni mpaka batire kutha, pamene SMS yadutsa kalekale. Wailesi ya mabatire nayo musaitaye; nyumba zoulutsira mawu za m'madera, monga Nyathepa ku Nsanje, zimafika kumene nsanja yathu yagonja.

Komabe sindinganamize munthu kuti voice note idzasiyidwa. Imapambana chifukwa imayankhula Chisena ndi Chimang'anja chathu, imamveka kwa gogo amene sanapite kusukulu, ndipo ili ndi mawu a munthu wochita mantha, omwe amagwira mtima kuposa chikalata chilichonse. Chenjezo la nthambi yoona zanyengo kapena la DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, likafika lolembedwa m'Chingerezi, limadikira womasulira. M'midzi yambiri foni ya WhatsApp ndi imodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri m'manja mwa mnyamata kapena mphunzitsi, ndipo amayi amene adzabereke ana pothawa amamva kudzera mwa iye. Munthu ameneyo, afune asafune, ndiye mlonda wa pachipata. Sefa yomwe bambo a pa Ngabu ankaifuna ku MACRA ili m'manja mwa mdzukulu wawo.

Tsono chimene ndimapempha makomiti oona za ngozi m'midzi, mafumu ndi aliyense wojambula chenjezo ndi chaching'ono. Uthenga wa chaka china uja unapusitsa anthu chifukwa munalibe tsiku, munalibe malo, munalibe dzina. Unangoti "madzi akubwera, thawani". Mawu otere sakalamba, atha kuzungulira dzinja lililonse. Koma munthu akayamba ndi kunena kuti ndine uje wa komiti ya mudzi wakuti, lero ndi Lachiwiri pa 14 February chaka chakuti, nthawi ndi 9 koloko usiku, ndaima pa mlatho wakuti, madzi afika pa chizindikiro chofiira ndipo akukwerabe, uthengawo umadziyeza wokha. Wolandira atha kuimba foni kwa munthuyo kapena kwa wina wa m'mudzimo. Chaka chamawa palibe angaudzutse, chifukwa tsiku lake likumveka m'mawu momwemo. A boma nawo bwenzi akujambula machenjezo awo chimodzimodzi, m'Chisena ndi m'Chichewa, ndi mawu a munthu yemwe anthu amudziwa, asanafike wopeka.

Ndipo ngati uthenga wopanda tsiku wakupezani usiku, muli m'dera lotsika, mvula yakhala ikugwa kumapiri, netiweki yakana kuti mufunse: nyamulani ana mukwere kumtunda. Za amene anaujambula tikazifufuza kukacha.