Chianti Classico: vinyo amene amafuna chakudya pambali

Chianti Classico amachokera ku Tuscany, chigawo cha dziko la Italy, m'mapiri a pakati pa Florence ndi Siena, ndipo mumamuzindikira ndi chithunzi cha tambala wakuda pabotolo. Lamulo limati mphesa za Sangiovese zisachepere 80 peresenti. Zotsalazo wopanga amasankha yekha: Canaiolo imafewetsa vinyoyo, Colorino imadetsa mtundu wake, pomwe Merlot ndi Cabernet Sauvignon zimamulemeretsa mkamwa. Kale ankathiramo ndi mphesa zoyera, monga analembera Bettino Ricasoli, wopanga vinyo wa ku Tuscany, mu 1872, koma kuyambira 2006 zimenezo zinaletsedwa.

Ambiri amene amati vinyoyu ndi waukali amakhala kuti amumwa ali wofunda, m'mimba mulibe kanthu. Amakoma bwino pa madigiri 16 mpaka 18. Botolo limene lakhala pashelefu m'nyengo ya chilimwe ngati ya Okutobala kwathu kuno lapitirira patali pamenepo, ndipo chomwe mumamva ndi kutentha kwa mowa kukhosi basi. Liikeni mufiriji mphindi 30 musanatsegule. Koma lisagonemo, chifukwa akazizira kwambiri fungo limabisala ndipo kuwawa kumakula.

Thirani pang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a tambula, kuti muthe kuzunguza osataya. Mtundu wake ndi wofiira wowala, osati wa bii. Mukanunkhiza mupeza fungo la chipatso cha cherry chowawasa, masamba ouma ndi kafungo ka dothi. Tsono pakamwa tcherani khutu ku zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuwawasa, komwe kumatulutsa malovu m'mbali mwa lilime. Chachiwiri ndi tannin, wochokera m'makungu ndi m'njere za mphesa, amene amaumitsa usinini ngati tiyi wopanda mkaka yemwe masamba ake akhalitsa m'madzi. Mukamva fungo la katoni yonyowa, chotsekera botolo chinaononga vinyoyo, mubwezeni, sangakonzeke.

Zinthu ziwirizi ndi zimene zimasankha ndiwo. Tannin amagwirana ndi nyama ndi mafuta, n'kusiya usinini wanu pamtendere, pomwe kuwawasa kumatsuka mafutawo mkamwa kuti nthongo yotsatira ikomenso. N'chifukwa chake anthu a ku Florence amamwera bistecca alla fiorentina, nyama yang'ombe yochindikala yootcha pamakala, yongothira mchere. Amamweranso pasta ya msuzi wa nguluwe, tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino, ndi ribollita, supu ya nyemba, masamba ndi buledi wogona.

Koma pamene vinyoyu amaposa anzake ndi pa tomato. Msuzi wa tomato ndi wowawasa kale, moti vinyo wopanda asidi wokwanira amamveka wosukuluka ukamumwera. Sangiovese safooka pamenepo. Ndiye nyama yang'ombe kapena yambuzi yophika ndi tomato ndi anyezi, msuzi utagwira bwino, imamuyenera ngakhale mukudyera nsima. Mcherenso umathandiza, chifukwa umachepetsa kuwawa.

Werengani zomwe zalembedwa pabotolo. Wamba, amene amakhala pafupifupi chaka chimodzi asanagulitsidwe, ndi wa pasta, pitsa ndi nkhuku yootcha. Riserva amasungidwa miyezi 24 ndipo Gran Selezione miyezi 30. Amenewa amafuna nyama yofiira, ndipo ndi bwino kuwathira mujagi yagalasi ola limodzi musanadye kuti apume.

Tsabola wa kambuzi musamuyandikize. Amachititsa kuti mowa uwotche kwambiri, ndipo kukoma kwa zipatso kumatheratu. Nsomba zamafuta ndi zouma monga usipa zikakumana ndi vinyo wofiira wotere zimasiya kakomedwe ka chitsulo palilime. Zotsekemera nazonso zimamusandutsa wowawasa kopitirira.

Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula 5 a mamililita 150. Wotsala mutsekeni bwino, aimirire mufiriji, ndipo mumumalize pasanathe masiku atatu. Akapitirira pamenepo mpweya umayamba kumupha fungo.