Mfuti ya Paul Kersey ndi mantha a New York

Mu 1974, anthu ku New York ankaomba m'manja m'nyumba zoonetsera mafilimu akamaona wakuba akuwomberedwa. Filimuyo inali Death Wish, momwe Charles Bronson anasewera ngati Paul Kersey, wojambula mapulani a nyumba, amene zigawenga zinamuphera mkazi n'kugwiririra mwana wake wamkazi.

Chisangalalo chimenechi chinali ndi pochokera. Umbanda unali utakula mumzindawu, ndipo ambiri ankadandaula kuti chigamulo cha Miranda cha mu 1966, cholamula apolisi kuuza womangidwa za ufulu wake, chamanga manja apolisiwo. Filimu ya Dirty Harry ya mu 1971 inali itakolezera kale maganizo amenewa. Pofika 1975 mzinda unatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, apolisi ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo mabungwe awo anasindikiza timapepala tochenjeza alendo kuti afika mumzinda wa mantha.

Kersey amayamba ndi sokosi yodzaza ndalama zachitsulo, kenako mfuti imene anapatsidwa ngati mphatso mumzinda wa Tucson, ku Arizona. Chimene chimandiwawa n'chakuti amene anaononga banja lake sawapeza n'komwe. Amangoyenda usiku, kudziika ngati nyambo, n'kupha aliyense womusololera mpeni. Ophedwawo alibe mayi, alibe kwawo, ena ngakhale dzina. Pamapeto wapolisi amangomuuza kuti asamuke mumzinda. Brian Garfield, amene analemba buku limene filimuyi inachokera, anakhumudwa nayo, popeza iye ankafuna kuonetsa munthu amene mutu ukusokonekera.

Pa 22 Disembala 1984, nkhani ya m'filimuyi inachitikadi m'moyo weniweni. M'sitima ya pansi pa nthaka ku New York, Bernhard Goetz anawombera anyamata anayi achikuda, mmodzi wa iwo atamuuza kuti awapatse madola asanu. Manyuzipepala sanachedwe kumufanizira ndi Kersey, ndipo anthu ambiri anamutenga ngati ngwazi. Mu 1987 khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wofuna kupha; linamugwira ndi mlandu wosunga mfuti popanda chilolezo basi.

Darrell Cabey, mmodzi wa anyamatawo, chipolopolo chinamuvulaza msana, anapuwala miyendo ndipo ubongo wake unaonongeka. Mu 1996 khoti lina linalamula Goetz kumulipira madola 43 miliyoni. Goetz analengeza kuti ndalama alibe, ndipo Cabey anakhalabe pa njinga ya olumala.