LCM ya 6 ndi 8 si 48, makolo anzanga

Chaka ndi chaka ndimalandira ana a Sitandade 8 amene wina anawauza kuti ukafuna LCM, yomwe ndi nambala yaing'ono kwambiri imene nambala ziwiri zimalowamo popanda chotsala, ungochulukitsa nambala ziwirizo, basi yatha. Ndikafunsa LCM ya 6 ndi 8, kalasi yonse imakuwa kuti 48. Yankho ndi 24, ndipo amene akuphunzitsa ana anu chidule chimenechi ku part time akungokudyerani ndalama.

Ma multiple a 6 ndi nambala zimene umaponda ukamawerenga molumpha sikisi sikisi: 6, 12, 18, 24, 30, mpaka kutopa. A 8 ndi 8, 16, 24, 32, 40, 48. Nambala yopezeka m'mizere yonse iwiri ndiye common multiple. Mizereyi imakumana pa 24, pa 48, pa 72, ndipo imapitirira. Choncho 48 si wabodza ayi, kungoti funso la LCM limafuna pokumanira poyamba.

Taganizani za mayi wa ku Kawale amene thumba la makala limamuthera pa masiku 6, ndipo kuchigayo amapita pakadutsa masiku 8. Ngati lero wagula makala n'kugayitsanso, ziwirizi zidzamugweranso tsiku limodzi pakatha masiku 24. Mukamuuza kuti ndi 48, tsiku la 24 lidzamupeza pa nsonga ya chitenje palibe kanthu.

Chimene chimandinyansa ndi chidulechi n'chakuti nthawi zina chimalondola, ndiye mwana amachikhulupirira. Pa 3 ndi 5 chimapereka 15, pa 4 ndi 9 chimapereka 36, zonse zoona, chifukwa kupatula 1 palibe nambala yolowa mu zonse ziwiri. Koma 6 ndi 8 zonse zili ndi 2 m'kati. Ukazichulukitsa wamuwerenga 2 uja kawiri, n'chifukwa chake yankho limatuluka lowirikiza. Pa 12 ndi 18 ndiye zimafika poipa: mwana amalemba 216 pamene yankho ndi 36. Mumupatse kuti aphatikize 1/12 ndi 1/18 ndi 216 pansi, muone mmene atulukire thukuta, pamene mnzake wa 36 walemba kale 5/36.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero amandikhala pamtima. Kope lake linali laudongo, mizere yojambula ndi lula, kugawa kwa makwerero kuja ankakuchita bwinobwino. Pa 12 ndi 18 analemba kuti LCM ndi 6, yomwe ndi HCF, nambala yaikulu kwambiri yolowa mu zonse ziwiri. Nditamufunsa ngati 18 angalowe mu 6, anangoti duu, kenako anati, "Madamu, ine ndimangotsata masitepe." Palibe anamuuzapo kuti LCM singachepere nambala yaikulu ya m'funso, kuyesa kumene sikutenga ndi mphindi yomwe. Nditatembenuza kope kumbuyo ndinapeza timitengo tolembedwa ndi pensulo tsamba lonse. Ndi mmene ankapezera 7 × 8, mwana wa Sitandade 8, mayeso a MANEB ali pakhomo. Matebulo sanawagwire m'makalasi am'munsi, ndipo ankangodutsa chifukwa anali wofatsa, sankavuta munthu. Nthawi yoti timange pansi panalibe.

Apa ndiye pamene makolo ambiri mumandibwerera, teremu yomaliza, mukuti, "Aphunzitsi, muthandizeni mwanayu." Ena mumathamangira kwa anyamata ogulitsa mapepala amene akuti ndi mayeso enieni, ena mumalekerera likasa, enanso mpaka kwa asing'anga kukafuna mankhwala a nzeru. Palibe mphini yolowetsa tebulo la 7 m'mutu mwa mwana. Ndipo wogwidwa ndi likasa amataya zonse. Akapulumukanso, ku sekondale kukumudikira ma fraction okhala ndi zilembo pansi, kumene LCM yomweyi imafunika kawirikawiri.

Madzulo ano muitaneni mwana wanu, foni ikhale patali. Awerenge molumpha ma 7 mpaka 70, kenako ma 8 mpaka 80. Mumufunse LCM ya 4 ndi 6, ndipo akati 24 kapena 2 m'malo mwa 12, musamukalipire. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake sabata yomweino, ngakhale akadali Sitandade 6.