Knud Rasmussen sanayende yekha

Anthu ambiri akamalemekeza Knud Rasmussen, munthu wofufuza madera ozizira kwambiri a kumpoto kwa dziko lapansi, amalankhula ngati anadutsa yekha kumpoto kwa Canada mpaka ku Alaska pa ngolo yokokedwa ndi agalu. Ulemuwo ndi womuyenera ndithu: anabadwira ku Greenland mu 1879, ankalankhula chinenero cha kumeneko, ndipo pa ulendo wa 1921 mpaka 1924 analemba nthano, nyimbo ndi mayina a malo a anthu a Inuit, eni ake a madera ozizirawo. Koma zoti anali yekha si zoona.

Anayenda ndi a Inuit awiri, Qaavigarsuaq ndi Arnarulunnguaq. Mayi Arnarulunnguaq, amene mwamuna wawo anamwalira ulendo usanayambe, ndiwo ankasoka ndi kukonza zovala zachikopa. Kumalo ozizira chonchija, nsapato ikang'ambika phazi limauma, ulendo n'kuthera pomwepo. Ankatoleranso zomera, ndipo mu 1923 anakumba nawo mabwinja a nyumba zakale ku Malerualik, pa chilumba cha King William. Zimandipweteka kuti dzina lawo silitchulidwa kawirikawiri.

Ngakhale chikhalidwe chakale cha Thule, cha makolo a Inuit, amene anachifotokoza si Rasmussen koma Therkel Mathiassen, katswiri wa zinthu zakale amene anali nawo pa ulendowo, atakumba mabwinja ku Naujan, kumpoto kwa Canada, mu 1922.