Kumadzulo kwa America sikunali tchire lopanda mwini

Anthu ambiri amakhulupirira kuti m'zaka za m'ma 1800 kumadzulo kwa America kunali tchire lopanda mwini, ndipo aliyense wolimbikira ankangofika, kulima, n'kulemera. Mbiri yeniyeni ndi yowawa kuposa pamenepo.

Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsadi munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulimapo zaka zisanu. Koma malowo anali ndi eni ake. Mu 1868 ku Fort Laramie boma linasainirana pangano ndi a Lakota, umodzi mwa mitundu ya anthu amene ankakhala m'derali azungu asanafike, lovomereza kuti mapiri a Black Hills ndi awo. Golide atapezeka kumeneko mu 1874, panganolo linaponderezedwa, ndipo mu 1877 mapiriwo analandidwa. Mu 1980 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti a Lakota alipidwe. Iwo anakana ndalamazo, ndipo n'zomveka: akufuna mapiri awo.

Nayenso mlimi wolandira malo sankadya zonona. Ku Nebraska mitengo inali yosowa, choncho mabanja ankadula zibuma za nthaka yaudzu n'kumangira nyumba, mvula ikagwa matope n'kumadontha kudenga. Zokolola zinkafika kumsika pa sitima basi, ndipo makampani a njanji ankalipiritsa mmene afunira. Mu 1889 chimanga chinatsika mtengo ku Kansas mpaka alimi ankachisonkhezera pamoto m'malo mwa malasha, uku ngongole ikuwadikira kubanki.

Mavuto amenewa ndiwo anawasonkhanitsa. Mu 1892 ku Omaha chipani chawo cha People's Party chinanena poyera kuti njanji zikhale m'manja mwa boma.