Mowa, Chamba ndi Njuga Zikamugwira Munthu: Zofunika Kudziwa M'mabanja a ku Mzuzu

Munthu amene akulephera kusiya mowa, chamba kapena njuga, pamene iye mwini akuona kuti zikumuwononga, ndi wodwala. Achipatala amawaika matendawa m'gulu la matenda a maganizo, ndipo chithandizo chake chilipo mumzinda muno. M'makomo ambiri, kaya ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Katoto, chidakwa timachitenga ngati munthu wamakani kapena wolodzedwa. Ndiye banja limatha zaka likukalipa, kuitana ankhoswe, kuyenda kwa asing'anga, uku thupi la munthuyo likunka likutha.

Chimene chimachitika mu ubongo

Mu ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine. Ndi amene amatichititsa kumva bwino tikadya, tikacheza ndi anzathu, tikalandira malipiro. Mowa, chamba, fodya ngakhale kubetcha pafoni zimatulutsa dopamine wambiri mwadzidzidzi. Zikachitika kawirikawiri ubongo umazolowera n'kuyamba kumva pang'ono. Amene ankakhutira ndi mapaketi awiri a Chibuku amayamba kufuna asanu, kenako amasamukira ku kachasu ndi midoli chifukwa ndi zotchipa komanso zimagwira msanga. Zinthu zimene ankazikonda kale, mpira, kwaya, kucheza ndi ana, zimayamba kuzizira. Pamapeto pake samweranso kuti asangalale ayi. Amamwa kuti manja asiye kunjenjemera, kuti tulo tibwere, kuti mtima ukhale m'malo.

N'chifukwa chake mawu oti "ingosiya" sagwira ntchito. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa ndi yomwe yafooka. Mbali imeneyi imapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, kotero mwana amene wayamba kusuta ali ku sekondale amagwidwa msanga kuposa wamkulu. Matendawa amayendanso m'magazi pa mtundu, ndipo amakonda kugwira anthu amene ali kale ndi nkhawa, chisoni chosatha, kapena amene anachitidwa nkhanza ali ana.

Si aliyense womwa amene wadwala. Yang'anani izi: m'mawa kapu ya tiyi ikugwedera m'manja mpaka atakachotsa kaye matsire, walonjeza kangapo kuti wasiya koma sabata siitha, mabotolo akupezeka obisidwa kudenga kapena kuseri kwa bafa, wailesi, mbaula kapena thumba la feteleza zikusowa m'nyumba, kuntchito alandira kale chenjezo koma akumwabe. Zikakumana ziwiri kapena zitatu mwa izi, musadikire kuti zifike poipa.

Zowononga zimene sitiziwerengera

Za chiwindi aliyense anamvapo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti panado amene womwa amameza ambirimbiri m'mawa pofuna kuthetsa mutu wa matsire nawo amavulaza chiwindi chomwecho. Mankhwala a TB nawonso amadutsa m'chiwindi, ndiye amene akulandira chithandizo cha TB uku akumwa kachasu amatha kuona maso achita chikasu. Kwa amene ali pa ma ARV vuto lalikulu ndi kudumphitsa: munthu woledzera amaiwala nthawi yomwera, kachilombo kamachulukanso m'magazi, mwina mpaka mankhwala kusiya kugwira. Mowa umakwezanso BP, ndipo sitiroko imene timaidabwa kwa bambo wa zaka 45 nthawi zina imachokera komweko.

Kuno kwathu kuli ngozi ina imene anzathu a ku Chigwa cha Shire saiganizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku wa ku Mzuzu umazizira koopsa, ndiye ena amati amwe pang'ono atenthedwe. Kutenthako ndi kwa pakhungu chabe. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha kwa m'kati n'kumatuluka. Munthu amene wagwa m'ngalande zovala zitanyowa, n'kugona pomwepo mpaka m'mawa, akhoza kufa ndi kuzizira ngakhale alibe bala lililonse.

Mayi woyembekezera akamwa, mwana ali m'mimba wamwanso. Palibe mlingo wa mowa umene umadziwika kuti ndi wosavulaza pa nthawi imeneyi, masese ndi omwe. Mwana amatha kubadwa wochepa thupi, n'kudzavutika kugwira za m'kalasi moyo wake wonse.

Chamba chili ndi bodza lake. Anyamata ena amati boma linachiloleza. Lamulo la chaka cha 2020 linalola kulima chamba kwa okhawo a chiphaso, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta ndi mlandu mpaka lero. Koma chodetsa nkhawa kuposa apolisi ndi ichi: kwa ena, makamaka oyamba ali aang'ono ndi osuta tsiku lililonse, chamba chimadzutsa misala. Mnyamata amayamba kumva mawu a anthu amene kulibe, kukana nsima poganiza kuti amayi ake athiramo chiphe, kudzitsekera m'chipinda masiku. Apa makolo ambiri amathamangira ku ufiti, miyezi n'kumapita, pamene matendawa amamva mankhwala bwino akapezeka msanga.

Palinso mapiritsi ndi mankhwala a m'botolo: tramadol, diazepam, ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Poti ndi a kufamase, achinyamata amawaona ngati abwinobwino. Tramadol wambiri amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Codeine kapena diazepam akasakanizidwa ndi mowa amachepetsa kupuma, munthu n'kutsirizika ali m'tulo. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa, inde, koma wotchipa wosadziwika kumene wachokera ukadalipo, ndipo wina umakhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndi imfa.

Njuga ilibe fungo, n'chifukwa chake imachedwa kudziwika. Chimene banja limaona ndi ndalama ya fizi itatha pa Mpamba kapena Airtel Money usiku umodzi, kenako a katapila ali pakhomo. Munthu wa ngongole za njuga, monganso chidakwa, amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzipha. Akanena kuti "bola ndingofa", musatenge ngati nkhani ya mowa. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ana a m'nyumba yotere amadwala nawo mwakachetechete. Amaphunzira kumvetsera mapazi a bambo panja kuti adziwe ngati lero kugoneka. Aphunzitsi amangoona mwana wosinza m'kalasi.

Chenjezo lalikulu: musamusiyitse mowa mwadzidzidzi pakhomo

Apa ndi pamene mabanja a mtima wabwino amalakwitsa. Amagwirizana kuti amutsekere m'chipinda, kapena amutengere kumudzi kapena kumalo a mapemphero komwe kulibe mowa, kuti "uchoke m'thupi". Kwa munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, zimenezi zikhoza kumupha. Ubongo wake unazolowera kugwira ntchito utapanikizidwa ndi mowa, ndiye mowa ukachoka kamodzin'kamodzi umathamanga mopanda malire, ngati njinga ya kabaza yoduka mabuleki pamtsetse.

Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa n'kumaphupha ngati akhunyu. Cha pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ndi pamene pamabwera choopsa kwambiri: kusokonezeka mutu, kutentha thupi, mtima kuthamanga, kuona njoka kapena tizilombo pakhoma. Amene sadziwa amati ziwanda zikutuluka. Ayi, ameneyo ndi wodwala mwakayakaya, ndipo akufunika kugonekedwa m'chipatala.

Kuchipatala amamupatsa diazepam pa mlingo woyezedwa, n'kumachepetsa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo, komanso madzi ngati thupi lauma. Gawo limeneli limatenga pafupifupi sabata imodzi. Amene anazolowera diazepam wogula yekha nayenso asasiye mwadzidzidzi. Chamba ndi fodya ndi zosiyana: kusiya kumabweretsa chibaba, ukali ndi kusowa tulo kwa masabata angapo, koma sikupha.

Kopita

Yambirani pa chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, monga cha Mapale, kapena ku Mzuzu Central Hospital ngati zafika povuta. Uzani adokotala zoona: mtundu wa mowa, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene anamwa komaliza. Kuchepetsa nambala chifukwa cha manyazi kumasokoneza mlingo wa mankhwala. Ntchito ya achipatala ndi kuchiza, ndipo amasunga chinsinsi.

Mzuzu ili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. A St John of God akhala akuthandiza odwala matenda a maganizo mumzinda muno kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndi bungwe la Akatolika koma amalandira wa mpingo uliwonse ngakhale wosapemphera. Pitani mukafunse za dongosolo ndi malipiro ake. Ngati m'nyumba muli kumenyana, nthambi ya apolisi yothandiza ochitidwa nkhanza ilipo, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani zokhudza ana.

Kuchotsa mowa m'thupi ndi gawo laling'ono. Ntchito yeniyeni ndi uphungu wa miyezi yotsatira: kudziwa chimene chimadzutsa chibaba, kaya ndi tsiku la malipiro, anzake a pa siteji, kapena mkangano wa kunyumba, n'kukonzeratu chochita nthawiyo ikafika. Ngati pansi pake pali matenda a nkhawa kapena chisoni, nawo achizidwe. Kukumana ndi ena amene anasiya kumathandiza kwambiri, ndipo mpingo kapena mzikiti uli ndi malo ake pamenepa, bola usalowe m'malo mwa chipatala.

Ambiri amagwanso kamodzi kapena kangapo asanaime. Sizitanthauza kuti chithandizo chalephera. Abwerere msanga kwa aphungu. Dziwaninso kuti amene wakhala miyezi osamwa thupi lake silipiriranso mlingo wakale, ndiye akayambira pamene analekera akhoza kukomoka.

Inu a pabanja, lankhulani naye ali bwinobwino, osati ataledzera, ndipo tchulani zimene mwaona osati mayina onyoza. Lekani kumubwezera ngongole mobisa ndi kumunamizira kwa abwana kuti wadwala malungo. Ndalama ya chakudya ndi fizi isungidwe ndi wina. Mukamupeza wakomoka ndi mowa, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, mufunditseni, musamumwetse kanthu, ndipo musamusiye yekha. Ngati sakudzuka mukamugwedeza, akupuma motalikitsa, waphupha, akusanza magazi kapena akuti sakuona bwino, pezani galimoto nthawi yomweyo mupite naye ku Central.