Jini imodzi sipanga puloteni imodzi yokha

Ambiri amakhulupirirabe kuti jini iliyonse (kachigawo ka DNA, imene imasunga malangizo a chibadwa m'maselo) imapanga puloteni imodzi basi. Maganizowa anachokera pa kafukufuku amene asayansi Beadle ndi Tatum anachita mu 1941 pa nkhungu imene imamera pa buledi. Maganizowa anathandiza pa nthawi yake, koma masamu ake sagwirizana: munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, pamene mitundu ya mapuloteni m'thupi ndi yochuluka kuposa pamenepo.

Nkhani yagona pa RNA. Selo limayamba lakopera jini kuchokera ku DNA, ndipo chokoperedwacho ndiye RNA, imene imakhala ndi zidutswa zosungidwa, ma exon, zosakanikirana ndi zotayidwa, ma intron. Makina otchedwa spliceosome amadula ma intron, amene ambiri amayamba ndi zilembo za RNA za GU n'kuthera pa AG, kenako amalumikiza zotsalazo. Koma salumikiza mofanana m'maselo onse, choncho jini imodzi imatha kutulutsa mapuloteni osiyana. Mwachitsanzo, jini ya CALCA imatulutsa puloteni yotchedwa calcitonin m'chithokomiro, pamene m'maselo a mitsempha ya ubongo imatulutsa puloteni ina yotchedwa CGRP. RNA ikalumikizidwa, m'pamene raibosomu, makina opangira mapuloteni, imaiwerenga zilembo zitatuzitatu, kuyambira pa AUG.

Chilembo chimodzi chikasintha pamalo odulirapo, makinawo amadula polakwika. Mitundu ina ya beta thalassemia, matenda ochepetsa magazi, imayamba choncho.